Dick Khoza, Mchona Woyimba Ng'oma, ndi Cimbale Cace Coiwalika

M'midzi yathu yino ya kwa Dzoole, ndi ponse ponse m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kulibe pfuko limene lilibe munthu wace amene anapita ku Joni kapena ku Harare kukafuna nchito. Ena anabwera zitatha zaka ziwiri, atasenza bokosi la zobvala, bulangete ndi njinga. Ndipo mbiri ya amenewa tiidziwa bwino, pakuti anaikamba okha pabwalo kufikira ukalamba wao. Koma ena sanabwerenso, ndiwo amene tiwacha machona. Za iwowa timangonena kuti, Uje anachona, monga ngati mau awiriwo akwanira kufotokoza moyo wonse wa munthu. Sitifunsa kuti, Kodi anacita ciani kumeneko zaka zonsezo? Kodi anasiya ciani? Mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya mmodzi wa ana a dziko lino amene anakhala moyo wace kunja, dzina lace Dick Khoza, woyimba ng'oma. Odziwa nyimbo ku South Africa ndi ku Ulaya amchula ndi ulemu, koma kuno kumene anabadwira ndi owerengeka okha amene anamva dzina lace.

Njira ya kummwera

Poyamba tikumbuke umo anthu athu anayambira kupita kummwera. Pamene boma la Angerezi linaika msonkho wa nyumba m'zaka za 1890, amuna anayamba kusowa ndarama, cinthu cimene makolo ao sanacisowe. Ndipo popeza malipiro a m'dziko muno anali ocepa, maso ao anapenya ku migodi ya golidi. Kampani ya Wenela inatenga anthu oyamba a ku Nyasaland m'caka ca 1903. Ambiri a iwo anafa ndi cibayo, cifukwa ca kuzizira kwa dziko lija ndi mabvuto a pansi pa mgodi, kotero kuti m'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ocokera ku maiko otentha a kumpoto. Koma lamulo silinatseke njira. Anthu anapitabe pa okha, ulendo umene anaucha wa selefu, akuyenda pansi masabata ambiri, kuoloka Zambezi ndi Limpopo, ndi kugwira nchito m'minda ya Azungu panjira kuti apeze kamba. Pamene Wenela analoledwanso m'zaka za 1930, njira ziwirizi zinayendera limodzi, ndipo pofika caka ca 1973 Amalawi a m'migodi ya South Africa anaposa 100,000.

Koma si onse amene analowa pansi pa mgodi. Ena anali ophika, ena osoka, ena alembi. Ndipo mmodzi, Clements Kadalie wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anayambitsa ku Cape Town m'caka ca 1919 bungwe la anchito akuda limene linagwedeza dziko lonselo. Mwa anthu otere, amene anapeza nchito yao kunja kwa mgodi, munali Dick Khoza. Iye anabadwira m'dziko lino, koma zaka zace anazithera m'mizinda ya South Africa, monga Durban, Cape Town ndi Johannesburg, akuyimba ng'oma m'magulu a nyimbo zochedwa jazi.

Jazi ndi ciani?

Nyimbo zimenezi zinabadwira ku America, makamaka m'mzinda wa New Orleans, kumayambiriro kwa zaka za 1900, pakati pa zidzukulu za anthu amene anagwidwa ukapolo ku Africa. Anthuwo anatenga malipenga ndi ng'oma za asilikari, pamodzi ndi piyano, ndiye limba lalikuru la Azungu, nazilankhulitsa monga mwa mtima wao. Ife a kuno sitiyenera kuzizwa naco cinthu ici, pakuti mganda wathu unabadwa momwemo. Anyamata amene anaona perete wa asilikari masiku a nkhondo ya 1914 anabwera kumudzi, natenga zikho, namata kansalu koyera ka kangaude pa ciboo, napanga badza m'malo mwa lipenga. Ndipo lero palibe munthu anganene kuti mganda ndi gule wa Azungu. Cinthu cobwereka cikakhalitsa m'manja mwa mmisiri cisanduka cace.

Mwambo wa jazi ndi uwu. Gulu lonse liyamba pamodzi nyimbo yodziwika; pamenepo mmodzi mmodzi aturuka nayo, naipota monga afuna, kupeka pomwepo mau atsopano osalembedwa pa pepala, anzace akumgwirira pansi kuti asagwe; potsiriza onse abwerera pa nyimbo yoyamba ija. Gulu laling'ono likhala la anthu atatu: wa piyano, wa besi, ndiye gitala wamkuru wa mau a pansi, ndi wa ng'oma. Gulu lingakule cotani, atatu awa ndiwo mafuwa, ndipo malipenga ndiwo mphika wokhala pamwamba pao.

Tsono wa ng'oma acita yekha nchito imene kwathu acita anthu atatu kapena anai. Phazi lamanja liponda coombera ng'oma yaikuru, phazi lamanzere litsegula ndi kutseka mbale ziwiri zamkuwa, ndipo manja onse awiri ali ndi timitengo pa ng'oma zazing'ono. Malo ace ndi kumbuyo kwa anzace, kumene nyali siwala kwambiri. Akalakwa iye gulu lonse lisokonezeka. Koma akacita bwino anthu aombera m'manja wa lipenga, amene aimirira kutsogolo. Owerenga asunge mau awa, pakuti adzatithandiza kuzindikira cifukwa cace Khoza anaiwalika.

Jazi inafika ku South Africa ndi mbale za galamafoni ndi zithunzi za kanema, nipeza kumeneko nyimbo za m'makomboni zochedwa marabi. Ziwirizi zinasanganikirana, ndipo mwa izo munaturuka kwela ndi jazi ya eni dziko lija. Amuna obwera ku Joni ndi ku Harare ndiwo anatengera mayimbidwe awa kuno. Cifukwa cace magulu a mabanjo a m'midzi anadzicha majazi, monga Chimvu Jazz ya Alan Namoko, ndipo abale a Kachamba a ku Chileka anachuka ndi kwela kufikira ku Ulaya. Khoza anali pa gwero penipeni pa mtsinje umene madzi ace ife tinangomwa kumunsi.

Amene anacoka ndi amene anatsala

M'caka ca 1962 kunacitika mpikisano waukuru wa jazi pa bwalo la Moroka-Jabavu, m'dera limene pambuyo pace linachedwa Soweto. Pakati pa magulu ochuka panafika gulu la anthu asanu locokera ku East London, lotsogozedwa ndi Eric Nomvete. Iwo anayimba nyimbo yochedwa Pondo Blues, imene inamangidwa pa mayimbidwe a makolo a kwao, osati a ku America. Ndipo khamu la anthu, pakumva za kumudzi zikuturuka m'malipenga a Azungu, linapfuula ndi cimwemwe cacikuru. Wa lipenga m'gulu limenelo anali mnyamata wa zaka 17, Mongezi Feza. Wa ng'oma anali Dick Khoza. Njira za anthu awiriwa zitisonyeza bwino cimene cinagwera oyimba a m'badwo umenewo.

Pakuti masiku amenewo anali oipa. Kuyambira 1948 boma la South Africa linakhwimitsa malamulo a tsankho. Munthu wakuda sanayende wopanda pasi, ndipo woyimba amene nchito yace ithera pakati pa usiku anakhala m'mantha a kumangidwa panjira ya kunyumba. Sophiatown, mudzi umene unali cisa ca oyimba, unayamba kugwetsedwa m'caka ca 1955. Pa 21 March 1960 apolisi anaombera anthu ku Sharpeville, napha 69. Malo amene akuda ndi oyera anayimbira pamodzi anatsekedwa limodzi limodzi. Potero akatswiri ambiri anathawa: Miriam Makeba anacoka mu 1959, Hugh Masekela mu 1960, wa piyano Dollar Brand, amene pambuyo pace anachedwa Abdullah Ibrahim, mu 1962, ndipo gulu la Blue Notes mu 1964. Feza anapita ndi gulu lotsirizali, nachuka ku Ulaya, namwalira ku London mu 1975 ali ndi zaka 30 zokha.

Amene anacoka anamva zowawa za ulendo, koma anafika kumene kunali manyuzipepala olemba za iwo ndi makampani ojambula nyimbo zao, ndipo dziko lonse lapansi linamva maina ao. Amene anatsala anayimba pamaso pa anthu a m'makomboni okha, ndipo nyimbo zao zambiri zinatha ndi usiku umene zinayimbidwa. Khoza, amene anali mlendo kale m'dziko limenelo, anakhala mwa otsalawo.

Sukulu ya usiku ku Orlando

M'zaka zoyamba za 1970 munthu wina, dzina lace Lucky Michaels, anatsegula ku Orlando, m'Soweto, nyumba ya nyimbo yochedwa Pelican. Pamenepo Khoza anakhala kapitao wa oyimba. Inali nchito yace kusonkhanitsa gulu la panyumbapo, kuliphunzitsa, ndi kukonza dongosolo la oyimba usiku ndi usiku. Ngakhale inali nyumba ya zosangalatsa ndi zakumwa, kwa oyimba acinyamata inali sukulu, pakuti sukulu zophunzitsa anthu akuda nyimbo zotere zinali zosowa. Mnyamata wocokera kutari, wokhala ndi luso koma wosadziwa mwambo, anaphunzira pamenepo kusunga nthawi, kumvera anzace, ndi kuyimba mtundu uli wonse wa nyimbo umene anthu anapempha. Mwa amene anapyola pa Pelican munali Sipho Gumede wa ku Durban, woyimba besi, ndi Khaya Mahlangu, woyimba lipenga lochedwa sakisofoni. Awiriwa pambuyo pace anayambitsa gulu la Sakhile, limene linamveka m'maiko ambiri.

Ife tidziwa kuti nchito ya mphunzitsi ioneka mwa ophunzira ace, ndipo kawiri kawiri dzina la wophunzira liphimba la mphunzitsi. Momwemo anthu ambiri anagula zimbale za Sakhile osadziwa kuti pa ciyambi ca njira ya anyamatawo panaima mkuru wina wobadwira ku Malawi.

Cimbale ca 1976

Pa 16 June 1976 ana a sukulu a ku Soweto anaturuka m'miseu kukana lamulo lakuti aphunzire m'cinenero ca Afrikaans. Apolisi anawaombera ku Orlando komweko, ndipo mwa oyamba kufa munali Hector Pieterson, mwana wa zaka 12. M'miyezi yotsatira anafa anthu mazana ambiri. Itapita miyezi yowerengeka cicitikire ici, Khoza anatenga gulu la pa Pelican, pamodzi ndi anyamata a Afro Pedlars, nalowa nao m'nyumba yojambulira nyimbo.

Amene anaturutsa cimbaleco ndi Rashid Vally, mwini sitolo ya zimbale yochedwa Kohinoor ku Johannesburg. Kampani yace yaing'ono, As-Shams, ndiko kunena Dzuwa m'Ciarabu, inalandira oyimba amene makampani akuru sanawasamale. Ndiye yemwe anaturutsa mu 1974 nyimbo yochuka ya Dollar Brand yochedwa Mannenberg. M'caka comweco ca 1976 Vally anaturutsanso cimbale ca wa piyano Tete Mbambisa, cochedwa Tete's Big Sound, ndipo ng'oma za m'menemo anaziyimba Khoza. Koma kumeneko anali wothandiza mnzace. Cimbale cokhala ndi dzina lace la iye mwini pamwamba ndico cimene anacicha Chapita.

Cimbaleci ciri ndi nyimbo zisanu. Mayimbidwe ace asanganiza jazi ndi nyimbo zobvina za anthu akuda a ku America za masiku amenewo. Besi abwereza mau amodzimodzi afupi osatopa, monga akazi awiri osinja pa mtondo umodzi, ng'oma ziluka pamwamba pace, ndipo malipenga aitana ndi kubvomerezana. Pa cikuto pace Khoza aoneka wofunda bulangete ngati munthu wa kumudzi, pa nthawi imene oyimba jazi anakonda kuoneka ndi suti ndi tayi.

Koma cimene citikhudza ife koposa ndi maina a nyimbozo. Yoyamba ndi Chapita, mau amene mwana ali yense wa kuno awamva. Yaciwiri ndi Zumbwe, ndiko kuchula kwa anzathu a kumpoto kwa kanyama kamene ife tikacha bvumbwe, kogwira nkhuku usiku. Yacitatu ndi African Jive, imene dzina lace lina ndi Moto. Yacinai ndi Lilongwe. Yacisanu yokha, WD 46 Mendi Road, ndiyo iloza ku mseu wa m'dziko limene anakhalamo. Taonani tsono: munthu amene anatha zaka zambiri pakati pa Azulu ndi Axhosa, pamene anapatsidwa mwai wa kulemba dzina lace pa cimbale, maina anai mwa asanu anawatenga kwao. Akuru anati, Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Kuti timvetse kulemera kwa dzina la Lilongwe pa cimbale cimeneco, tikumbuke zimene zinacitika zaka ziwiri zapambuyo pace. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobweza anchito kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Dr. Banda analetsa pomwepo kulemba anthu a ku migodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwi zambiri anabwezedwa kuno. Mu 1975 likuru la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe, mzinda umene unayamba kumangidwa ndi ngongole yocokera ku boma lomwelo la South Africa. Potero m'caka ca 1976 Amalawi a ku Joni anali atacepa, ndipo otsalawo anali makamaka machona, amene anamva mbiri ya mzinda watsopano ndi makutu okha. Kwa otere dzina lija pa cimbale linali ngati kalata; ndipo kwa ife linali umboni wakuti mchona saiwala, ngakhale aiwalidwa.

Umo cinatayikira ndi umo cinapezekera

Nanga cinalepheretsa nciani kuti kalatayo ifike? Zifukwa ziripo zingapo. Coyamba tacinena kale: mwini cimbale anali wa ng'oma, ndipo anthu sazolowera kusunga maina a okhala kumbuyo. Caciwiri ndi nyengo: cinaturuka pamene Soweto anali pa maliro, miseu iri yodzala ndi asilikari, ndipo anthu anaopa kuyenda usiku kukamva nyimbo. Cacitatu ndi wailesi. Boma lija linagawa wailesi ya anthu akuda, yochedwa Radio Bantu, monga mwa mitundu, Azulu paokha, Axhosa paokha, Asotho paokha, kuti anthu asadzione ngati mtundu umodzi. Ndipo nyimbo ya maina acilendo, yoyimbidwa ndi anthu a mitundu yosanganiza, inalibe khola lace m'makonzedwe otere. Cacinai ndi dzina la mwini wace. Khoza ndi dzina lofala pakati pa Azulu ndi Ashangani, kotero kuti Mmalawi wolimva sakadaganiza kuti ndi mbale wace. Ndipo kuno kwathu makina oyimbira zimbale zazikuruzo anali ocepa m'midzi, ndi sitolo zozigulitsa zinali m'mizinda yokha.

Motero Chapita cinatha m'masitolo, ndipo sicinapangidwenso zaka zoposa 30. Cinatsala m'manja mwa anthu owerengeka osonkhanitsa zimbale zakale, amene anacifunafuna ngati mkanda wa mtengo wapatari. Mwa iwo munali amuna awiri, Matt Temple wokhala ku London ndi Chris Albertyn wa ku Durban. Iwo anayambitsa kampani yaing'ono, Matsuli Music, ya kuukitsa nyimbo zotayika za ku South Africa. Ndipo atapangana ndi Vally, cimbale coyamba cimene anaciturutsa, m'caka ca 2010, cinali Chapita. Zinali zitapita zaka 34. Kuyambira pamenepo anthu a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuchula mau akuti Chapita ndi Lilongwe, ambiri osadziwa tanthauzo lace. Ndipo lero munthu wokhala ndi foni ya intaneti akhoza kumva nyimbozo ali pakhonde pace kwa Dzoole.

Cimene mbiriyi itiphunzitsa

Abale, m'nkhani iyi muli zinthu ziwiri zoyenera kuzilingalira. Coyamba ndi ca kunja. M'caka ca 2008, ndiponso mu 2015, anthu ena a ku South Africa anaukira alendo okhala pakati pao, nati angodza kudzalanda nchito. Ndipo mu 2015, pamene cipolowe cinayambira ku Durban, boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu athu. Mbiri ya Khoza iyankha mau otere. Mlendo ameneyu sanalande kanthu. Analera ana a eni dziko m'luso lao, nasiya nyimbo zimene dziko lija lidzitamandira nazo tsopano. Ndipo monga iye analiponso ena ambiri, m'nchito zina, amene sanajambulidwe pa cimbale ciri conse.

Caciwiri ndi ca kwathu, ndipo ndico cowawa. Amene anasunga nchito ya Khoza si ife ai. Anali mwini sitolo wa ku Johannesburg ndi amuna awiri a kutari. Si nthawi yoyamba. Pamene Hugh Tracey anayenda m'dziko lino ndi makina ace mu 1958, anajambula nyimbo za anthu athu ku Visanza, kumene tsopano tikucha Ntchisi. Ndipo mau a agogo athuwo asungidwa kufikira lero ku Rhodes University ku South Africa, pamene zidzukulu zao zambiri sizidziwa kuti alipo. Tazolowera kuyesa munthu wa ulendo ndi katundu amene anabwera naye. Wobwera ndi njinga timkumbukira, wosabwera timfafaniza. Koma njinga zija zinacita dzimbiri kale, mabulangete anang'ambika, ndipo cimene catsala ca m'badwo umenewo ndi nchito za manja ao ndi mbiri yao.

Cifukwa cace tipempha owerenga, makamaka aphunzitsi ndi ana a sukulu odziwa kulemba, kuti acite kanthu kakang'ono dzinja lisanafike. M'mudzi uli wonse mukali nkhalamba zimene zinakwera ndege ya Wenela, ndi amai okalamba amene akumbukira alongo ao amene anachona. Khalani nao pansi, muwafunse maina a anthu amene sanabwere, caka cimene anacoka, mzinda umene anamvekako komariza, ndi nchito imene anagwira. Mulembe zonse m'kope, ndi kulisunga pamalo pouma pamene ciswe sicifika. Nkhalamba zimenezi sizidzakhala nafe nthawi yaitari. Khoza anapeza alendo omkumbukira zitapita zaka 34. Koma machona a kwa Dzoole alibe wina wowalemba, koma inu.